Ana akukhoza mayeso koma ku wodi akungoima, tiziwaphunzitsa bwanji?

mphunzitsi_wa_anamwino
Anzanga amene mumaphunzitsa ku yunivesite ndi m'makoleji a zaumoyo ndithandizeni nzeru. Ndimaphunzitsa anamwino a chaka chachiwiri, kalasi yake ndi ya anthu opitirira 100. Mayeso olemba akukhoza bwinobwino, ukawafunsa zizindikiro za shock (pamene magazi sakufika mokwanira ku ziwalo za thupi) akutchula zonse osaphonya. Koma pita nawo ku wodi, wodwala ali pompo thukuta lozizira, mtima ukuthamanga, BP yatsika, mwana yemwe uja wangoima ndi faelo m'manja osazindikira kuti zomwe analemba pa pepala zija ndi zimenezi. Akuluakulu akuti tisinthe kaphunzitsidwe, mayina akubwera ambirimbiri, flipped classroom (kuphunzira kaye kunyumba, m'kalasi n'kumakambirana), PBL (kuphunzira m'magulu kuyambira pa nkhani ya wodwala), simulation (kuyeserera pa zidole kapena pa anthu osewera ngati odwala). Ndayamba kuwatumizira mavidiyo kuti aziwonera asanabwere, obwera atawonera ndi ochepa nde ola lonse limathera kubwereza zomwe zili mu vidiyo momwemo. Inu mukupanga bwanji? Zatsopanozi zikugwira kwa ndani?

sister_wakale
Palibe chatsopano apa mwanawe. Unamwino amaphunzirira pa bedi la wodwala. Achepetseni masilaidi, awonjezereni masabata a ku wodi basi.

chaka_chachinayi
Amayi ku wodi timapita ndithu, koma timaunjikana pa bedi limodzi, wa kumbuyo saona ngakhale dzanja la amene akuika kanyula. Tsiku lonse umatumidwa kukatenga zotsatira ku labu, kukankha wodwala kupita ku X-ray, ukaweruka wasainitsa buku kuti unalipo koma palibe anakuona ukuchita chinthu n'kukuuza kuti apa walakwitsa. Mukawonjezera masabata mwangowonjezera kuyendayenda.

sister_wakale
Nanga iwe unayamba wapempha kuti sister ndiwoneni ndikuchita? Ambiri mwa inu mumabisala ku duty room ndi foni.

chaka_chachinayi
Ena amabisala, zoona. Koma ena amabisala chifukwa tsiku loyamba anakalipiridwa pamaso pa wodwala ndi abale ake.

dokotala_wa_ana
Aphunzitsi, ine ndiyambira ku mayeso chifukwa vuto lanu mwalitchula nokha m'chiganizo chachitatu. Wophunzira amawerenga zomwe akudziwa kuti zibwera pa mayeso, si ulesi ayi, aliyense amatero. George Miller mu 1990 anajambula piramidi ya masitepe anayi, pansi pali kudziwa, kenako kudziwa mmene chinthu chimachitikira, kenako kuonetsa kuti ungachite, pamwamba penipeni kuchita pa ntchito yeniyeni. Mayeso athu ambiri amathera pa sitepe yapansi ija, tchulani zizindikiro zisanu, fotokozani tanthauzo la chakuti. Nde mwana amameza manotsi usiku, mawa kukalavula pa pepala, sabata yamawa zatuluka m'mutu. Mukhoza kubweretsa mavidiyo okongola bwanji koma ngati funso la kumapeto kwa semesita likadali "tchulani", iwo azingoloweza. Sinthani funsolo likhale loti mayi wa zaka 24 wabereka maola awiri apitawo, pulse 124, BP 85/50, akuti akumva chizungulire, chinthu choyamba muchita chiyani ndipo chifukwa chiyani. Muona okha ayamba kuwerenga mwina.

mphunzitsi_wa_anamwino
A dokotala mwalasa, koma mayeso sindilemba ndekha, amadutsa ku komiti ndipo kumeneko amakonda mafunso osavuta kuchonga.

kadzidzi
PBL ndi imene inandiphunzitsa kuganiza ine. Inayambira ku yunivesite ya McMaster ku Canada mu 1969, kenako a yunivesite ya Maastricht ku Netherlands anaitenga mu 1974, nde si ya dzulo ngati mmene akuluakulu anu akuinenera. Mmene timapangira, gulu la anthu 8 kapena 10, tutor mmodzi, Lolemba mukupatsidwa nkhani ya wodwala musanaphunzire chilichonse za matendawo. Mwachitsanzo bambo wa zaka 55 akupuma movutikira akagona chagada, miyendo yatupa. Mumalemba pa bolodi zomwe mukudziwa, zomwe mukuganizira, ndi zomwe simukudziwa, zomwe simukudziwazo ndiye homuweki yanu. Lachinayi mukubwerera aliyense ndi zomwe wapeza, tutor akuwonjezera tsamba lachiwiri la nkhani ija, zotsatira za magazi zabwera, nde maganizo ena aja akugwa okha. Mpaka lero ndikaona wodwala wa mtima ndimakumbuka mkangano wa pa bolodi uja, lekichala ya mtima sindiikumbuka.

wa_mankhwala
A kadzidzi musatigulitse PBL ngati mankhwala a matenda onse. Kalasi ya anthu 100 ikufunika ma tutor 10 kapena kuposa ndi zipinda zomwezo, aphunzitsiwa ali okha. Komanso ine ndaona ana ochokera ku PBL yosayendetsedwa bwino, kulankhula ndi akatswiri koma afunseni mmene mankhwala okodzetsa a furosemide amagwirira ntchito mu impso, zii. Aliyense anawerenga kachigawo kake kokha n'kukawerengera anzake, mapeto ake aliyense akudziwa chidutswa. Kirschner, Sweller ndi Clark analemba mu 2006 kuti munthu amene akungoyamba kumene amafunika kutsogoleredwa kwambiri, kumusiya kuti afufuze yekha mutu umadzaza asanagwire kanthu. Ine ndimagwirizana nazo. Physiology ndi pharmacology ya chaka choyamba munthu afotokozeredwe kaye.

kadzidzi
Imeneyo ndi PBL ya tutor wogona. Tutor wabwino salola kugawana mitu, aliyense amawerenga zonse.

wa_mankhwala
Ma tutor abwinowo 10 muwapeza kuti? Funso langa ndi limenelo.

mwana_wa_labu
Kwa kalasi yaikulu yankho lilipo, team-based learning, ndipo inabadwa chifukwa cha vuto lomweli. Larry Michaelsen ku University of Oklahoma kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kalasi yake inakula kuchoka pa 40 kufika pa 120, iye yekha. Ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa ikuyankhanso nkhani ya mavidiyo osawoneredwa ija.

Mumagawa kalasi m'matimu a anthu 5 mpaka 7, mugawe ndinu osati iwo kusankhana pachinzake, ndipo timu imakhala yomweyo semesita yonse. Akalowa m'kalasi chinthu choyamba ndi kamayeso ka mafunso 10 ochokera mu vidiyo ija, aliyense payekha, mamakisi akuwerengedwa. Akatolera mapepala, mafunso omwewo akuyankhanso ngati timu, apa nde phokoso limayamba chifukwa wina analemba B wina D ndipo ayenera kugwirizana chimodzi. Amene sanawonere vidiyo amaonekera poyera pamaso pa anzake, sabata yachiwiri amabwera atawonera, simufunikanso kukalipa. Inu mukungofotokoza mafunso awiri kapena atatu amene matimu ambiri aphonya, mphindi 10 zakwana.

Nthawi yotsalayo ndi ya nkhani ya wodwala, matimu onse nkhani imodzi, mayankho anayi, timu iliyonse ili ndi makadi A B C D ndipo mukawerenga mpaka katatu onse akweze nthawi imodzi kuti asaonerane. Chitsanzo, mwana wa zaka 2 wolemera makilogalamu 10, kutsegula m'mimba, maso alowa, khungu ukalitsina likubwerera mochedwa kwambiri, sakutha kumwa. Ambiri apeza kuti ndi Plan C ya WHO, chithandizo cha mwana amene watha madzi kwambiri m'thupi, dilipi ya Ringer's lactate 30 ml pa kilogalamu m'mphindi 30 zoyamba, kutanthauza 300 ml, kenako 700 ml m'maola awiri ndi theka. Nde mukuwonjezera chiganizo chimodzi, mwanayu mapazi onse awiri ndi otupa ndipo mkono ndi woonda kwambiri. Kwezaninso makadi. Theka la kalasi likhalabe pa Plan C, ndipo pamenepo ndi pomwe phunziro lili, chifukwa mwana wonyentchera kwambiri ukamuthira madzi a mu mtsempha mothamanga chonchija mtima ukhoza kulephera. Mukuloza timu yokweza khadi A, tiuzeni chifukwa, kenako yokweza khadi C, ayankheni. Mphunzitsi mmodzi, holo imodzi.

mphunzitsi_wa_anamwino
Achimwene izi nde ndimafuna. Koma silabasi ndimaliza? Mitu ndi yambiri.

mwana_wa_labu
Simumaliza kuyankhula zonse ndi pakamwa panu, koma panopa mukumaliza ndipo ku wodi akungoima. Zosavuta aziwerenga okha, kamayeso kaja kakutsimikizirani kuti awerenga. Chimatenga nthawi ndi kulemba mafunso abwino, chaka choyamba mutopa, chachiwiri mukungokonza.

fizio_mtsikana
Ndiyankhule ngati wophunzira. Ife kalasi zotere sitizikonda, ndinene chilungamo. Umatuluka mutu uli gwaa, osadziwa ngati waphunzira kapena wangokangana ndi anzako. Lekichala wina amafotokoza bwino kwambiri moti umatuluka zonse zili mbee. Bwanji osangotipatsa aphunzitsi odziwa kufotokoza?

dokotala_wa_ana
Achemwali zomwe mukumvazo ndi zenizeni ndipo zinayezedwapo. Ku Harvard mu 2019 Louis Deslauriers ndi anzake anatenga ophunzira physics, ena anamvera lekichala yofotokozedwa bwino, ena anavutika ndi mafunso m'magulu, phunziro lomwelo. A lekichala aja ananena kuti aphunzira zambiri, koma pa mayeso amene anakhoza kwambiri ndi a m'magulu aja. Kumva kuti zalowa ndi kulowa kwenikweni zimasiyana. Komanso Scott Freeman ndi anzake mu 2014 anasonkhanitsa kafukufuku 225 wa maphunziro a sayansi, injiniya ndi masamu, olephera m'makalasi a lekichala yokhayokha anali pafupifupi 34 pa 100 alionse, m'makalasi ogwiritsa ophunzira ntchito pafupifupi 22. Aphunzitsi, zimenezi muwauze ana anu tsiku loyamba, apo ayi aganiza kuti mukuthawa ntchito.

fizio_mtsikana
Chabwino ndamva. Koma pamapeto mphunzitsi azinena yankho lolondola momveka. Ena amangoti "magulu onse mwayesetsa" n'kutuluka, ife osadziwa kuti olondola ndi ati.

mwana_wa_labu
Apo nde mwanena zoona, kalasi isathe yankho lisanamveke.

bambo_a_IT
Nonsenu mukukamba za makadi a pepala mu nthawi ya AI? Mwana atha kuuza ChatGPT kuti ikhale wodwala, iye azifunsa mafunso, usiku uliwonse, kwaulere.

wa_mankhwala
Ndipo ikamupatsa dozi yolakwika molimba mtima adziwa bwanji? Ine ma assignment ndasiya kupereka olemba kunyumba, onse akubwera ndi chingerezi chofanana.

bambo_a_IT
Nde muwaphunzitse kuitsutsa. Apatseni yankho la AI pa funso la mankhwala, ntchito yawo ikhale kupeza cholakwika pogwiritsa ntchito formulary, buku lovomerezeka la mankhwala ndi madozi ake. Kuiletsa simungathe.

wa_mankhwala
Imeneyo ndingayese, kupeza cholakwika kumafuna kudziwa kuposa kukopera.

chaka_chachinayi
Ife chomwe chikutipulumutsa ndi Anki. Makadi a pa foni, limene waphonya limabweranso mawa, limene wakhoza limabwera patapita masiku. Anatomy yonse ndinaigwira choncho.

kadzidzi
Anki ndi yabwino pa zoloweza, mayina a mitsempha, madozi. Mfundo yake ndi yakale, Ebbinghaus anaonetsa kale mu 1885 kuti timaiwala msanga tikapanda kubwereza, ndipo kudzifunsa mafunso kumagwira kuposa kuwerenga tsamba lomwelo kanayi. Koma tabwererani ku funso la aphunzitsi, mwana wawo zizindikiro za shock akuzidziwa kale. Anki simuchotsa faelo m'manja.

mzamba_wa_usiku
Zikomo a kadzidzi, ndimadikira kuti tifike pa manja. Ine ndimaphunzitsa azamba kuthandiza khanda lobadwa losapuma, pulogalamu ya Helping Babies Breathe imene inayamba mu 2010. Chidole chake NeoNatalie mumachidzaza madzi kuti chilemere ngati khanda lenileni, mphunzitsi amafinya kampira kuti mchombo uzigunda kapena chifuwa chizikwera. Palibe magetsi, palibe kompyuta. Lamulo ndi loti mkati mwa mphindi imodzi khanda likhale likupuma kapena wayamba kulipumitsa ndi bag ndi mask.

Ndikuuzeni zomwe zimachitika wophunzira akagwira koyamba, ngakhale amene anakhoza pepala. Ndimamupatsa chidole chili mu nsalu, ndikuti labadwa, silikulira, wotchi yayamba. Amapukuta pang'onopang'ono mwaulemu, amaiwala kuchotsa nsalu yonyowa, amatembenuka kufuna mask imene sanaikonze, akaipeza waika mozondoka, mbali yosongoka ili ku chibwano. Akufinya bag, chifuwa sichikukwera, iye maso ali pa bag osati pa chifuwa, akupitirizabe kufinya. Ndikamuuza kuti mphindi ziwiri zadutsa amadzidzimuka. Sindimukalipira, ndimamufunsa kuti unaona chiyani pa chifuwa, amati sindinayang'ane. Tikonze mask, tiwongole mutu pang'ono, titsegule kukamwa, bwerezanso. Kachitatu kachinayi manja ayamba kupita okha, pakamwa akuwerenga kuti mpweya uzilowa pafupifupi ka 40 pa mphindi. Ku Tanzania atachita izi m'zipatala 8, kafukufuku amene anatuluka mu 2013 anapeza kuti imfa za makanda m'maola 24 oyamba zinatsika ndi 47 pa 100 alionse. Koma luso limeneli limathawa, miyezi ingapo osagwira labwerera pansi, nde chidole chizikhala pa kona mu labour ward anthu azigwira mphindi zochepa pafupipafupi, osati kuchitsekera mu kabati kudikira alendo.

sister_wakale
Chidole sichilira, sichituluka magazi, mayi ake sakukuyang'ana. Tsiku lenileni ndi lina.

mzamba_wa_usiku
Ndi lina amayi, sindikukana. Koma mask yozondoka ija ndikufuna aizondotse pa chidole. Kale timati ona kamodzi, chita kamodzi, phunzitsa wina, koma amene ankalipira kulakwitsa kwa kuchita koyamba kuja anali wodwala amene sanafunsidwe n'komwe.

sister_wakale
Pamenepo ndilibe mawu. Makanda ena ndimawakumbukabe.

dokotala_wa_ana
Ndiwonjezere pa za a mzamba. Ku America bungwe la oyang'anira unamwino la NCSBN linatulutsa kafukufuku mu 2014 woonetsa kuti mpaka theka la maola a ku wodi a ophunzira unamwino likhoza kulowedwa m'malo ndi simulation popanda kutsitsa luso lawo. Koma anthu amangogwira "theka" n'kusiya zinazo, kumeneko aphunzitsi anali ophunzitsidwa bwino kuyendetsa simulation ndipo kukambirana kwa pambuyo kunkachitika mwadongosolo. Masukulu ambiri amagula chidole chodula cholankhula ndi kuphethira, osaphunzitsa munthu wochigwiritsa ntchito. Kuphunzira kwambiri kumachitika mukakhala pansi pambuyo pake, unaona chiyani, unaganiza chiyani, ukanachita chiyani mosiyana. Ngati sewero latenga mphindi 10, kukambirana kusachepere pamenepo.

nesi_wa_ICU
Ndipo shock imene aphunzitsi ayamba nayo sifuna chidole n'komwe. Tengani wophunzira wa chaka chachinayi agone pa bedi, mumuuze kuti uziyankha mochedwa, uziti ndikumva ludzu, ukuzizidwa. Manambala a BP ndi pulse mukulemba pa pepala n'kumasintha malinga ndi zomwe ana akuchita, akachedwa kuitana thandizo BP ikutsika, akakweza miyendo n'kuyamba dilipi ikukwera pang'ono. Howard Barrows anayamba kugwiritsa ntchito anthu osewera ngati odwala mu 1963 ku University of Southern California, ndipo ubwino wake wodwala wotereyu amatha kukuuza pambuyo kuti sunandipatse moni, unandivula osandiuza, manja ako anali ozizira. Chidole sichinganene zimenezo. Muikemonso wophunzira udokotala ndi wa pharmacy ngati alipo pafupi, aphunzire kupatsirana uthenga ndi SBAR, njira yofotokozera za wodwala mwachidule ndi mwadongosolo, chifukwa ku ntchito odwala ambiri amavulala pa mpata wa pakati pa nesi ndi dokotala.

chaka_chachinayi
Ife a chaka chachinayi tingavomere kusewera odwala, umaphunziranso ukagona pa bedi paja. Koma chonde zolakwitsa za mu simulation zisamatuluke panja, mnzathu wina anajambulidwa vidiyo ikuzungulira m'magulu a WhatsApp mpaka lero safuna kulowanso mu skills lab, chipinda choyesereramo chija.

nesi_wa_ICU
Zimenezo n'zosaloleka. Mafoni panja, ndipo zonenedwa m'chipindamo zimathera momwemo, lamulo loyamba limenelo.

mphunzitsi_wa_anamwino
Nanga zinthu ngati kuika kanyula kapena catheter, anthu 100 ndiwaonetsa bwanji aliyense?

mzamba_wa_usiku
Yesani masitepe anayi a Peyton. Koyamba mukuchita inu pa liwiro lenileni osayankhula. Kachiwiri mukuchita pang'onopang'ono mukufotokoza. Kachitatu wophunzira ndi amene akukuuzani chochita, manja ndi anu, akadumpha kumasula tourniquet, lamba womanga pa mkono uja, inunso mwaima osamasula mpaka azindikire. Kachinayi akuchita yekha akufotokoza. Sitepe yachitatuyo ndi imene anthu amaidumpha koma ndi imene imagwira ntchito. Phunzitsani bwino ana 10 a chaka chapamwamba, aliyense atenge kagulu kake, inu muzizungulira.

wa_mankhwala
Ndipo pamapeto OSCE, mayeso oti wophunzira azizungulira masiteshoni akuonetsa luso lake, apo ayi abwerera ku manotsi monga ananenera a dokotala.

kadzidzi
OSCE inenso ndimaifuna koma ili ndi matenda ake. Ronald Harden ndi anzake ku Scotland anaifotokoza mu 1975 kuti aliyense ayesedwe pa masiteshoni ofanana, osati wina kupeza wodwala wosavuta ndi examiner wachifundo wina kupeza zovuta. Zabwino. Koma ana anazindikira kuti mamakisi ali pa checklist, nde amalowa n'kuyamba kulakatula, ndasamba m'manja, ndadzitchula dzina, ndatseka katani, pepani ndi zomwe mukumvazi, zonse m'masekondi 20 osamuyang'ana wodwala kumaso. Checklist yadzaza, wodwala sanamvedwe. Pa pepala la examiner pazikhalanso malo oti aone ntchito yonse ngati yatheka, ndipo wosewera wodwala uja azipereka nawo mamakisi.

fizio_mtsikana
Ndipo mutiuzeko zomwe talakwitsa pa siteshoni. Timangoona 58 pa bolodi, osadziwa kuti 42 inapita kuti.

mphunzitsi_wa_anamwino
Zikomo nonse, ndalemba zambiri. Semesita ikubwerayi ndiyamba ndi mitu itatu yokha pa matimu ndi makadi aja, shock, kutaya magazi pambuyo pobereka ndi kutha madzi m'thupi mwa ana, mavidiyo ndiwadula akhale a mphindi zosapitirira 10. Mutu uliwonse uzitha ndi sewero la wodwala pa bedi ngati mmene anenera a nesi_wa_ICU. Za mayeso ndikalimbana nazo ku komiti, ndikapempha kuti mafunso ena akhale a nkhani ya wodwala. Chomwe chikundivutabe ndi mamakisi a timu, wolimbikira adzadandaula kuti akunyamula aulesi.

mwana_wa_labu
Adzadandaula sabata zoyamba. Mamakisi a payekha akhale ochulukirapo kuposa a timu, ndipo pakati pa semesita aliyense alembe mwachinsinsi za mnzake aliyense chinthu chimodzi chomwe amathandiza ndi chimodzi choti asinthe, inu muwerenge kaye musanapereke. Muziwaonetsanso manambala, nthawi zambiri timu imapeza kuposa munthu wake wokhoza kwambiri, akaona zimenezo amaleka kudandaula.

sister_wakale
Ine pempho langa ndi limodzi aphunzitsi. Mukawatumiza ku wodi muzitipatsa kapepala kosonyeza zomwe aliyense wachita kale pa chidole ndipo mwamuona kuti watha. Ndikadziwa kuti uyu kanyula anaikapo bwino mu skills lab ndimupatsa mkono wa wodwala ine nditaima pambali pake, amene sanafikepo ayambe waonera. Panopa amangobwera gulu, sitidziwa woti timukhulupirire ndi ndani, nde tonse timawatuma ku labu.

mphunzitsi_wa_anamwino
Kapepalako ndikonza amayi, ndipo ndidzabwera nako ndekha tsiku loyamba kuti tikaonere limodzi.